Tsiku limene ndinapha a Lameki ndi dayisi

Anzanga, nkhani iyi mukhoza kuseka, ndakulolani, koma dziwani kuti ine mwiniwake sindinakhululukebe. Achimwene anga a Yohane akudziwa zimenezi, Agnesi nayenso akudziwa, n'chifukwa chake tikakumana pa ukwati amayamba wandiyang'ana kaye kumaso asanandipatse moni.

Zinachitika ndili ku koleji ya zauphunzitsi, zaka zija matipate atangobwera kumene, aliyense akukamba za ufulu ngakhale potsitsa mtengo wa tomato. Ine ufulu wolankhulawo unandipeza ndilibe mawu. Ndinali wamanyazi oopsa. Maso okha ndiye ndinali nawo: ndinkadziwa amene akukondana mu kwaya, ndinkadziwa amene akwiyitsana, koma kuti nditsegule pakamwa pamaso pa mwamuna, lilime linkangouma ngati chikopa cha ng'oma.

Mwamunayo anali a Lameki, mphunzitsi wa pulayimale chakufupi ndi ku Mishoni, mnzawo wa achimwene, woimba besi mu kwaya. Ankadutsa pakhomo pathu pa njinga m'mawa uliwonse, n'kuimika phazi limodzi pansi, "Mwadzuka bwanji achemwali?" Ine n'kumayankha zala za kumapazi kwanga. Akapita ndinkadzitukwana mpaka tsache kugwa m'manja. Munthu wa ku koleji, wolemba mayeso a Chingerezi n'kukhoza, kulephera kuyankha moni?

Tsono ku kolejiko kunali mzungu wina wophunzitsa Chingerezi amene Loweruka masana ankatiseweretsa masewera ena ake a patebulo. Munthu mmodzi amakhala woyendetsa nkhani: amafotokoza dziko, njira, mitsinje, ndipo amalankhulira anthu onse amene mungakumane nawo m'nkhanimo. Enanu aliyense amakhala munthu mmodzi wa m'nkhaniyo, n'kumanena chimene akufuna kuchita. Chikakhala chinthu chovuta, monga kudumpha mtsinje kapena kumenyana ndi chilombo, umaponya dayisi. Ikagwa pa nambala yaikulu wakwanitsa, ikagwa pa yaing'ono zakuvuta. Mzunguyo ankati woyendetsa azikonza njira, koma asamange anzake chingwe m'khosi ngati mbuzi zopita kumsika. Ine ndinamva za kukonza njirazo. Za chingwezo zinandidutsa.

Chimene ndinaona ndi ichi: ndikakhala woyendetsa, ndinkalankhula! Ndinkatha kukhala mfumu, kukhala wakuba, kukhala nkhalamba yolongolola, manyazi osandigwira, chifukwa wolankhulayo sanali ine. Ndiye nzeru inandibwerera, nzeru imene ndinkaiona ngati yoposa ya Solomo. Ndinakonza nkhani. Achifwamba agwira mtsikana wina n'kukamubisa kuphanga pamwamba pa phiri. Anthu atatu anyamuka kukamupulumutsa. Awiri atsala pamtsinje akulimbana ndi ng'ona, mmodzi yekha afika kuphangako, ndipo mtsikanayo amuyang'ana m'maso n'kumuuza zakukhosi. Wofikayo mukumudziwa. Wolankhulira mtsikanayo mukumudziwanso. Mawu ake ndinawayeseza tchuthi chonse ndikuingitsa mbalame kumunda wa mpunga, mpaka mpheta za m'dambo lonse zinawaloweza.

Ndinasankha Loweruka lina amayi atapita kukadula mpunga, bambo atakwera minibasi kupita ku Zomba. Ndinanyengerera achimwene kuti aitane a Lameki, ndinaitana Agnesi, mnzanga wa ku koleji wa kwa Malemia komwe kuno, kuti anthu asanene zambiri. Ndinayala nsalu yoyera ya amayi patebulo, ija yoluka maluwa m'mphepete imene imatuluka kukabwera abusa. Tiyi, mbatata yophika, mapu ojambula kuseri kwa kalendala yakale, dayisi ya mu ludo. Zonse zili m'malo mwake.

Mavuto anayambira pa mayina. Ndinali nditawakonzera mayina okoma a m'nkhani, koma achimwene anangoti, "Iwe Edesi, dzina langa anandipatsa ndi bambo, sindingalisinthe chifukwa cha ludo." A Lameki anaseka, anati nawonso akhala Lameki yemweyo, Agnesi chimodzimodzi. Ndinati chabwino, n'zazing'ono.

Tinayamba bwinobwino. Mawu anga sankanjenjemera, a Lameki ankandiyang'ana kumaso akumvetsera, mtima wanga uli phaphapha. Kenako anafika pamphambano. Pa mapu anga njira ina inkapita kuphiri, ina inkapita kumudzi. Ndinkawadziwa achimwene anga, akangomva za mudzi afunsa kumene kuli mowa. Ndiye ndinati nditseke njirayo mwanzeru, popanda kuletsa munthu.

"Njira ya kumudziyo," ndinatero, "aikapo masamba pamsewu. Kuli maliro. Koma njira ya kuphiri ndi yoyera, dzuwa likuwala, mbalame zikuimba."

Abale inu, ine wobadwira m'Domasi momwe muno, wokulira pamiyendo ya amayi a mpingo, ndinaganiza kuti maliro angabweze munthu! Kodi nzeru zanga zinali zitapita kukatunga madzi?

A Lameki nkhope inasinthiratu. "Masamba? Ndiye kuti pali zovuta. Ndatsika njinga."

"Mulibe njinga m'nkhani muno."

"Ndiye ndavula chipewa. Tiyeni tikapepese."

"Koma mtsikana uja..."

"Watisiya ndani?" anafunsa achimwene akusenda mbatata.

Malirowo ndinali nditawapanga pompo ngati chitseko chabe. "Munthu wina wake basi."

"Munthu wina wake alibe dzina? Wa kwa ndani? Anadwala, kapena ndi zadzidzidzi?"

"Ine ndamanga chitenje, ndapita kuseri kwa azimayi kukathandiza kutunga madzi," anatero Agnesi, maso akuwala ngati wapeza chibwenzi.

"Kwaya ilipo?" anafunsa a Lameki. "Ngati palibe woyambitsa nyimbo ndiyambitsa ndine."

Ndinawakumbutsa modekha, mano nditaluma, kuti kuphiri kuli mwana wa munthu womangidwa manja, wosadya, akulira. Achimwene anati wamoyo amadikira, womwalira sadikira. A Lameki anandiyang'ana mokoma mtima, kukoma mtima kumene kunandipsetsa mtima kwambiri, n'kunena kuti, "Tipita achemwali, musadandaule. Tikangoika."

Tikangoika! Inu mukudziwa kutalika kwa mwambo wa maliro kwathu kuno?

Ndinati ndiwachotsere chifukwa chokhalira. "Mwafika pasiwa, koma palibe munthu aliyense. Womwalirayo anali mlendo, alibe mbale, alibe mnansi, palibe womudziwa. Palibe woti mumupepese. Tsono tiyeni kuphiri."

A Lameki anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Alibe mbale? Ndiye abale ake ndife."

Mayo ine! Ndinali nditathira palafini pamoto. Achimwene anati akubwereka khasu ndi fosholo, akhala adzukulu, ndipo analanda dayisi kuti aone ngati nthaka ili yofewa. Inagwa sikisi, anakuwa ngati agoletsa chigoli. Agnesi anaponya kuti aone ngati nyemba za adzukulu zipsa, zinapserera, onse atatu anagwa nacho chiseko. A Lameki anaponya kuti apeze matabwa a bokosi. Anayamba kukangana ngati mlendoyo anali wa mpingo kapena ayi, ndi nyimbo ziti zoyenera munthu wosadziwika chipembedzo. Anzanga, anthuwo ankasangalala! Masewera anga ankayenda bwino kuposa tsiku lililonse ku koleji, koma ankayenda popanda ine. Ndipo ine, poti maso ndili nawo, ndinkaona mmene dayisi inkachokera m'manja mwa Agnesi kupita m'manja mwa a Lameki, zala zikuchedwerana pang'ono. Tchuthi chonse ndapsa ndi dzuwa kumunda kuloweza mawu kuti Agnesi adzaphike nyemba ndi a Lameki?

Ndinatumiza mthenga. Ndinasintha mawu, ndinakhala mayi wothamanga wefuwefu: "Thandizeni! Achifwamba akuti dzuwa likalowa amupha mtsikana uja!"

"Pepani mayi, khalani pansi," anatero Agnesi. "Mwadya koma?"

"Akanene kupolisi," anatero achimwene. "Ife tili ndi zovuta."

Ndinamenya tebulo, masipuni anadumpha. "Simungachite zimenezo! Nkhani sikupita kumeneko!"

"Iii, taonani!" Achimwene anatembenukira kwa a Lameki akundiloza ndi mbatata. "Poyamba paja anati tizichita chimene tikufuna. Pano akuti sitingachite. Kodi za chipani chimodzi zija zabwereranso? Aphunzitsi, tinavotera chiyani ife?"

A Lameki anaseka mpaka kupukuta misozi. Kundiseka ine.

Apa m'pamene Satana anandinong'oneza. Ndinaona kuti muzu wa mavuto onse ndi achimwene, ndipo woyendetsa nkhani ali ndi mphamvu pa njoka zonse za m'dziko lake. Ndinatsitsa mawu.

"Muli kumanda. Dzenje latha. Mwadzidzidzi m'dothimo mwatuluka mamba, yakuda bii, yaitali ngati mtengo wa nsungwi. Ikaluma munthu palibe mankhwala, palibe chipatala, palibe pemphero, amafera pomwepo. Yaluma a Yohane."

"Ayi, ayi, ayi! Chifukwa chiyani ine? Tonse atatu taima pamphepete pa dzenje. Malamulo ako omwe akuti zokayikitsa timaponya dayisi. Tiponye tonse, wochepetsa ndiye walumidwa."

Ndikanakana bwanji a Lameki akundiyang'ana, atangomva kumene kuti ndine wa chipani chimodzi? Ndinavomera, ndikupemphera chamumtima pemphero loipa kwambiri limene mlongo anapemphererapo mchimwene wake. Achimwene anaponya, faifi. Agnesi anaponya, folo. A Lameki anapukusa dayisi m'manja, anaiuzira mpweya, anaponya. Inagubuduka, inagunda sosala, inaima.

Wani.

"Njokayo... njokayo inali ya m'madzi," ndinatero msangamsanga. "Yopanda ululu. Ndinaona molakwa."

"Unati mamba!" anakuwa achimwene. "Yakuda bii! Palibe pemphero!"

"Zoona achemwali, lamulo ndi lamulo," anatero a Lameki, munthu wachilungamo pa nthawi yolakwika. Anagwira pamtima, anati, "Anzanga, tsalani bwino, ana a sitandade sikisi muwauze amalize masamu," n'kugwetsa mutu patebulo.

Munthu amene ndinamukonzera phiri lonse, phanga, ng'ona, mawu, ndamupha ndekha ndi njoka yanga yomwe.

Achimwene sanachedwe. Anasuntha makapu, anasolola nsalu yoyera ya amayi ija, anawafunditsa a Lameki kuyambira kumutu. Agnesi anaika manja kumutu n'kuyamba. Inu simunamumve Agnesi akulira maliro. Mtsikana uja ali ndi mawu omveka tsidya la mtsinje.

"A Lameki atisiya ine! Mayo aphunzitsi athu! Njoka yatilanda a Lameki ife!"

Achimwene anayambitsa nyimbo ya maliro ndi mawu okhuthala. Ine ndinkakuwa kuti siyani, siyani, mwandiwonongera zonse, ndipo misozi inayamba kutsika yeniyeni, misozi ya ukali, yotentha. Zenera linali lotsegula. Ine amene ndimaona chilichonse, tsiku limenelo sindinaone mutu wa Abiti Saidi, mayi oyandikana nafe nyumba, utasuzumira pazenerapo. Taganizani zimene anaona mayiwo: munthu wofunditsidwa nsalu yoyera, Agnesi manja ali kumutu, Yohane akuimba, ndi Edesi, mwana wosalankhula uja, akulira misozi chuchuchu. Akanafunsanso chiyani? Anathamanga.

Ife m'nyumba osadziwa kanthu. Achimwene anaimirira kunena mbiri ya malemu, kuyambira kubadwa, sukulu zonse anaphunzira, mpaka njinga yawo yopanda mabuleki imene yatsala yamasiye. Anaitalikitsa dala poona kuti ndikufufuma. Mtembo unkagwedezeka ndi chiseko pansi pa nsalu. Agnesi akapuma pang'ono ankamwa tiyi, n'kuyambiranso. Ine ndinakhala pakona manja nditapinda, ndikuganiza ngati n'kotheka kubweretsa mkango kuti umalize otsalawo.

Kenako tinamva kulira kwina kunja. Kosakhala kwa Agnesi. Kochokera kumsewu, kwa anthu ambiri, kukuyandikira.

Ndinasuzumira pakhomo. Bwalo lathu ladzaza. Azimayi zitenje m'chiuno, azibambo zipewa m'manja, ana a sukulu ya a Lameki ataunjikana kumpanda, ndipo kumsewu munthu wina wachangu anali atathyola kale nthambi za mango n'kuziyala. Masamba enieni, pamsewu weniweni, pakhomo pathu! Amayi anga akubwera chothamanga kuchokera kudambo, matope mpaka m'mawondo, chikwakwa chikadali m'manja. Ndipo kutsogolo kwa onse, atagwiriziridwa ndi azimayi awiri, kunali mayi awo a Lameki.

Manyazi anga aja anasankha nthawi imeneyo kubwerera. Achimwene mbiri ya malemu ija anaisiyira panjira. Agnesi anakhala chiimire kapu ili m'manja. Mtembo wokha ndiwo sunadziwe kanthu, unkangodikira kuti mwambo upitirire.

Mayiwo analowa, anaona nsalu yoyera, anadzigwetsa pamwamba pake. "Mwana wanga ine! Lameki wanga ine! Wachoka m'mawa uli bwinobwino!"

Mtembo unadzuka, nsalu ili kumutu.

"Amayi?"

Zimene zinachitika pamenepo sindingazifotokoze bwino, chifukwa aliyense anathawira mbali yake. Abiti Saidi anatuluka pakhomo limodzi ndi azimayi ena awiri nthawi imodzi, chitseko mpaka lero sichitsekeka bwino. Bambo wina wamkulu amene amayenda ndi ndodo anadumpha mpanda ndodoyo ataisiya. Ana a sukulu anabalalika akukuwa kuti aphunzitsi auka. Mayi awo a Lameki okha ndi amene sanathawe. Anakhala pansi, anamugwira mwana wawo kumaso, m'makutu, m'manja, ataona kuti ndi wofunda anamuwomba khofi limodzi lomveka mpaka kumsewu.

Anthu atabwerera mmodzimmodzi, tinatulutsidwa pakhonde tonse anayi ngati mbava za nkhuku. A Lameki anayesa kufotokoza kuti anali masewera a ku koleji.

"Masewera a maliro?" anatero amayi anga, akutiloza ndi chikwakwa. "Pa nsalu yanga ya abusa? Malaulo anji amenewa pakhomo panga?"

"Ife timangotsatira, amayi," anatero achimwene, nkhope ili yofatsa ngati mwana wa nkhosa. "Woyendetsa ndi Edesi. Njoka inali yake."

Maso onse a Domasi anatembenukira kwa ine. Mayi awo a Lameki anaimirira, anakonza chitenje, anandiyandikira.

"Iwe mwana, ndimakuona ngati wofatsa. Mwana wanga anakulakwira chiyani kuti umuphe?"

Anzanga, mkwiyo wa tsiku lonse, wa nyemba zopserera, wa chipani chimodzi, wa zala za Agnesi, unakwera nthawi imodzi n'kuthyola chitseko. Ine amene sindinkatha kuyankha moni ndinakuwa pamaso pa mudzi wonse.

"Sindinkafuna kupha iwowa! Ndinkafuna kupha achimwene!"

Amayi anga chikwakwa chinagwa.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ayi, mawu anali atapeza njira. "Iwowa amayenera kukwera phiri! Ndinakonza zonse! Awiriwa ikanawachedwetsa ng'ona, iwowa akanafika okha kuphanga n'kupeza mtsikana, ndipo mtsikanayo ndine, ndikanawauza kuti m'mawa uliwonse ndimasesa pabwalo posesedwa kale kuti ndingomva belu la njinga yawo, ndipo mtima wanga ndinawapatsa kalekale! Koma anthu awa akana kuchoka pamaliro a munthu amene kulibe n'komwe!"

Mawu aja ndinayeseza kumunda, onse, osaphonya ngakhale limodzi. Kungoti m'malo mwa phanga ndi munthu mmodzi, ndinawanena pakhonde, kwa amayi anga, kwa Abiti Saidi, kwa akulu a mpingo awiri, ndi kwa sitandade sikisi yonse.

A Lameki ankayang'ana nsapato zawo, tsaya lina litatupa. Ndinadikira. Mwina anena kanthu. Mwina, pambuyo pa zonsezi, akweza maso.

Amene analankhula anali mayi awo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anatembenukira kwa amayi anga, anati, "Amake Yohane, pepani, tilibe nanu mlandu. Koma mtsikana wopha mwana wanga asanamufunsire n'komwe, akadzalowa m'nyumba adzatani? Lameki, tenga njinga."

Anatenga njinga. Sanaikwere, anaikankha pambuyo pa mayi awo, akulambalala masamba aja pamsewu. Kuyambira Lolemba lotsatira anayamba kudzera njira ya kumlatho, yotalika, yamatope, kuti asadutse pakhomo pathu. Patapita nthawi anasamutsidwira kusukulu ina, ndipo ndinamva kuti anakwatira namwino, munthu wodziwa kuchiza njoka.

Achimwene mpaka lero amati mlandu ndi wanga chifukwa sindinawapatse ufulu. Ufulu wanji? Ndinawapatsa njira ziwiri, anasankha yolakwika! Agnesi amati anali masewera okoma kuposa onse amene anasewerapo, ndipo amafunsa kuti tidzabwereza liti. Ndimangomuyang'ana.

Ine ndinalumbira pakhonde pomwepo, ndipo sindinabwerere m'mbuyo: nkhani yokhala ndi anthu amoyo m'kati mwake sindidzayendetsanso, olo andipatse digiri. Ndikafuna nkhani yomvera ine ndidzalemba ndekha, chitseko chotseka, zenera lotseka. Ndipo mtima ukadzagwanso pa mwamuna wina, ndidzatuma azakhali anga ngati mmene amachitira anthu onse. Iwo amalongolola, inde, koma sanaphepo mkamwini ngakhale mmodzi.